Thanki ya makorali ku Zomba imayambira pa soketi ndi pa mpopi

Anthu ambiri ofuna kuweta nsomba za m'nyanja yamchere amabwera atasankha kale nsomba. Amakhala ataona pa YouTube kansomba ka olenji ka mizere yoyera kakusambira pakati pa makorali (tinyama ta m'nyanja yamchere tooneka ngati zomera kapena miyala), ndiye funso lawo limakhala lakuti kamapezeka kuti. Funso limenelo ndimaliyankha pomaliza. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, gombe lapafupi lili ku Mozambique, ndipo pafupifupi chilichonse chofunika, kuyambira mchere mpaka timabotolo toyezera madzi, chimachokera ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena kuitanitsidwa pa intaneti. Chikatha kapena chikafa, simuchipeza mumsika wa Zomba tsiku lomwelo. Pulani yonse iyenera kumangidwa podziwa zimenezi.

Tiyambe ndi magetsi, chifukwa ndi amene amapha mathanki ambiri kuno. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kusiyana ndi madzi wamba. Pa madigiri 25, lita imodzi ya madzi wamba imasunga pafupifupi mamiligalamu 8, pamene ya mchere sifika 7. Onjezani kuti tawuni yathu ili pamalo okwera mamita opitirira 900, ndiye mpweya umene umalowa m'madzi umacheperanso. Mapampu akaima, pamwamba pa madzi pamakhala bata, okosijeni watsopano salowa, koma nsomba, makorali ndi mabakiteriya amene ali m'miyala akupitirizabe kupuma. M'thanki yodzaza bwino, maola ochepa okha amakwanira kuti muone nsomba zikupuma mwabefu pamwamba. Ndipo tonse tikukumbukira 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuzima kwa magetsi kukhala nkhani ya tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri.

Masamu ake ndi osavuta. Batire la 12V la 100Ah limasunga magetsi okwana 1,200Wh, koma ngati lili la asidi simuyenera kugwiritsa ntchito opitirira theka, apo ayi silikhalitsa. Ndiye muli ndi 600Wh. Kapampu koyendetsa madzi ka mawati 20 kangayende tsiku lathunthu pa magetsi amenewo. Hita ya mawati 200 ikakhala yoyaka mosalekeza ingawamalize m'maola atatu. Choncho pa batire kapena pa sola ikanipo pampu imodzi yogwedeza pamwamba pa madzi, basi. Nyale zikhoza kukhala zozima masiku awiri, makorali osafa, popeza ngakhale kunyanja kumachita mitambo. Hita nayo idikire. Magetsi akazima usiku wa mu June chiperoni chili mkati, fundikani thanki ndi bulangete, ndipo madzi ambiri amazizira pang'onopang'ono. Khalaninso ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi m'kabati. N'kotsika mtengo kuposa nsomba iliyonse imene mudzagule.

Kutentha koyenera ndi madigiri 24 mpaka 26, ndipo kusamasinthesinthe. Mu June ndi July vuto ndi kuzizira, mu October ndi November ndi kutentha. Makorali amakhala ndi tizomera ting'onoting'ono m'thupi mwawo, totchedwa zooxanthellae, timene timawapangira chakudya kuchokera ku kuwala. Madzi akakhala pa madigiri 30 kapena kuposa kwa masiku angapo, makorali amatulutsa tizomerati n'kuyera mbuu, kenako n'kufa ndi njala. Makina oziziritsira madzi ndi okwera mtengo komanso amadya magetsi ambiri. Kwa ambiri, fani yaing'ono youzira pamwamba pa madzi imatsitsa kutentha ndi digiri imodzi kapena awiri, malinga thanki ili kutali ndi zenera ndiponso si m'chipinda cha malata opanda siling'i.

Tibwere ku madzi. Madzi a pa mpopi ochokera ku damu la Mulunguzi ndi abwino kumwa, koma madzi akumwa amathiridwa klorini, ndipo klorini amapha mabakiteriya omwe inu mukufuna kuweta. Amathanso kukhala ndi silicate ndi phosphate, zomwe ndi chakudya cha ndere, komanso kopa ngati nyumba ili ndi mapaipi a kopa. Kopa wochepa kwambiri, woti munthu sangamumve n'komwe, amapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Madzi a pa mjigo kapena pachitsime ndiye simudziwa zomwe alimo. Njira yake ndi sefa ya RO/DI, imene imachotsa pafupifupi chilichonse mpaka kachipangizo koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi, kakusonyeza 0. Dziwani kuti pa lita iliyonse yabwino sefayi imataya malita atatu kapena anayi, amene mungathirire maluwa kapena kuchapira, ndipo imafuna madzi otuluka mwamphamvu. Ngati mpopi wanu umangodontha masana, mudzafunika kapampu kowonjezera mphamvu, komanso mgolo wapulasitiki waukhondo wosungiramo madzi osefa kale.

Mchere wa kukhitchini sugwira ntchito. Wa m'sitolo uli ndi ayodini ndipo ndi sodium chloride yekha, pamene madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magnesium, calcium, potassium, sulphate ndi carbonate, zina mwa izo ndizo makorali amamangira mafupa awo. Wina anganene kuti bwanji osakatunga ku Chilwa, poti madzi ake ndi amchere. Mchere wa ku Chilwa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa m'nyanja yaikulu, ndipo zosakaniza zake n'zina. Chofunika ndi mchere wopangidwira ntchito imeneyi. Mulingo wake ndi magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi, zomwe pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, zimaoneka ngati 1.025 kapena 1.026. Thanki ya masentimita 100 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 kuya imalowa pafupifupi malita 200, ndipo kuidzaza koyamba kumatenga makilogalamu 7 a mchere kapena kuposerapo pang'ono. Mukamasintha malita 20 sabata iliyonse, pa chaka mudzagwiritsa ntchito makilogalamu oyandikira 40. Musanagule galasi, funsani amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni kuti ndowa ya makilogalamu 20 amalipiritsa bwanji. Kwa ena pulani imathera pomwepa, ndipo ndi bwino ithere pamenepa kusiyana n'kuti ithere nsomba zili kale m'madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene oyamba kumene amalakwitsa kawirikawiri. Madzi akamauma, mchere umatsalira, monga momwe ndiwo zimawawira mchere msuzi ukaphwera pamoto. Ndiye madzi owonjezera tsiku ndi tsiku azikhala osefa opanda mchere. Lembani kamzere pagalasi, ndipo madzulo aliwonse muzidzaza mpaka pamenepo. Mu October, fani ikuuzira, thanki ya malita 200 ingataye malita awiri kapena atatu pa tsiku.

Za kukula kwa thanki, ine ndimalangiza malita 150 mpaka 250. Yaing'ono imaoneka yosavuta, koma m'malita 40 kutentha ndi mchere zimasintha msanga moti cholakwika chaching'ono chimakhala ngozi. Ya malita 200, pamodzi ndi galasi, miyala ndi mchenga, imalemera pafupifupi makilogalamu 300. Kalipentala kapena wowotcherera amene akupanga tebulo lake auzidwe kulemera kumeneku, tebulolo likhale lolingana bwino mbali zonse, ndipo ngati ndi lachitsulo lipakidwe penti mokwanira chifukwa mchere umadya chitsulo. Soketi ikhale pamwamba, pomwe madzi otsetsereka pa chingwe sangafike. Mapampu aziyendetsa madzi onse a m'thanki ka 10 mpaka ka 20 pa ola. Protein skimmer, imene imachotsa zonyansa pogwiritsa ntchito thovu, ndi yothandiza koma ikhoza kudikira mwezi woyamba. Nyale zabwino za LED nazonso mungagule pambuyo, popeza m'masabata oyamba sizifunika.

Tsopano kukhwimitsa thanki, komwe ambiri amalephera kupirira. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'zitosi, ndipo chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso amoniya. Amoniya ndi poizoni, ndipo ukali wake umakula pH (muyeso wa asidi m'madzi, umene umakwera asidi akachepa) akakwera. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala pa pH 8.1 mpaka 8.4, ndiye amoniya wochepa yemwe nsomba ya m'dziwe ingapirire amawotcha makha a nsomba ya m'thanki yamchere. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri ndipo amachepetsedwa posintha madzi. Mabakiteriyawa amamatirira pa miyala, pamchenga ndi m'sefa, ndipo amaswana mochedwa. Ena a mabakiteriya wamba amawirikiza kawiri m'mphindi 20, koma awa amatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu. N'chifukwa chake ntchitoyi imatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo ndi miyala youma, yomwe sinabwere ndi mabakiteriyawa, imatha kupitirira.

Kachitidwe kake ndi aka. Ikani miyala ndi mchenga wa aragonite (mchenga woyera wa laimu), thirani madzi osakaniza kale, yatsani hita ndi mapampu, nyale zikhale zozima. Miyala ikhale yopangidwira mathanki amchere, ya timabowo tambirimbiri. Miyala ya m'phiri lathuli ndi yolimba, yopanda mabowo, ndipo simudziwa zitsulo zimene ingatulutse. Kenako apatseni mabakiteriya chakudya. Njira yaukhondo ndi kudonthezera ammonium chloride mpaka muyeso wa amoniya ufike 2 ppm (pafupifupi mamiligalamu 2 pa lita). Ngati simunamupeze, kausipa kamodzi kakawisi, kosathira mchere, komangidwa m'kaneti n'kupachikidwa m'madzi, kamagwira ntchito yomweyo. Pakatha masiku angapo kamayamba kusungunuka, madzi amachita mbuu, m'chipinda mumamveka kafungo, ndipo a m'nyumba adzakufunsani mafunso. Muyeso wa amoniya ukakwera, kachotseni. Musayese kugwiritsa ntchito amoniya wotsukira m'nyumba, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi sopo ndi zonunkhiritsa. Kuika nsomba yamoyo kuti iyambitse ntchitoyi, monga ankachitira kale, ndi nkhanza zopanda chifukwa.

Amene ali kale ndi thanki ya mbuna amafunsa ngati angatenge siponji ya m'sefa yake kuti afulumizitse. Mabakiteriya a m'madzi wamba ambiri sapirira mchere wochuluka chonchi, choncho musadalire zimenezo. Mabakiteriya a m'botolo opangidwira madzi amchere amathandiza, koma botolo limene layenda masiku angapo pa denga la basi dzuwa likuswa mtengo likhoza kufika lili lakufa. Kaya mwathira kapena ayi, chimene chingakuuzeni zoona ndi kuyeza.

Yezani masiku awiri kapena atatu alionse, n'kumalemba m'kope. Pa zoyezera zambiri za madontho, kabotolo ka amoniya kamachoka pa chikasu kupita ku mtundu wobiriwira, ka nitrite kamachoka pa buluu kupita ku pepo. Kaonereni pa kuwala kwa masana, mutakaika kutsogolo kwa pepala loyera, chifukwa babu la m'nyumba limasokoneza mitundu. Sabata yoyamba amoniya amakwera. Yachiwiri amayamba kutsika, nitrite n'kukwera. Apa ndi pamene anthu amatopa, chifukwa nitrite amatha kukhala pamwamba masabata awiri osasuntha, munthu n'kuganiza kuti china chalakwika, n'kuyamba kusintha madzi ndi kutsuka miyala. Zisiyeni. Musavutikenso kuyeza nitrate panthawiyi, popeza nitrite amasokoneza muyeso wake n'kuoneka wokwera kuposa momwe alili. Tsiku lina mudzapeza kabotolo kabwerera ku buluu. Pamenepo thiraninso amoniya mpaka 1 kapena 2 ppm. Ngati pakutha maola 24 amoniya ndi nitrite onse ali pa 0, thanki yakhwima. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, kapena kuposa ngati nitrate wapitirira 20 ppm. Dziwaninso kuti mabakiteriyawa amafuna okosijeni, ndiye batire lija liyambe ntchito tsiku loyamba, ngakhale m'thanki mulibe nsomba.

Mukayatsa nyale, mchenga woyera uja udzachita dzimbiri ngati wawazidwa fumbi la khofi. Amenewo ndi ma diatom, mtundu wa ndere, amadya silicate, ndipo amatha okha pakapita masabata angapo. Pambuyo pake pamabwera ndere zobiriwira. Nkhono zingapo za m'nyanja yamchere zimathandiza. Nsomba ziyambe ziwiri zazing'ono, makamaka ma clownfish, tinsomba ta olenji tija, oswedwa m'mathanki chifukwa amapirira ulendo ndipo anazolowera chakudya chouma, kenako dikirani masabata awiri kapena atatu musanawonjezere, kuti mabakiteriya achuluke molingana ndi zonyansa. Nsomba yatsopano iliyonse iyambe yakhala m'kathanki kapadera kwa mwezi umodzi. Matenda a timadontho toyera, oyambitsidwa ndi Cryptocaryon irritans, nthawi zambiri amachizidwa ndi mankhwala a kopa, ndipo mankhwalawo simungawathire m'thanki ya makorali.

Makorali ofewa, monga a mtundu wa mushroom ndi leather, angalowe pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Olimba ngati Acropora amafuna calcium wa 400 mpaka 450 ppm ndi alkalinity (muyeso wa carbonate m'madzi) ya 7 mpaka 11 dKH zosagwedezeka, ndipo kunena zoona, ndi magetsi athuwa, sindingalimbikitse munthu kuwayesa chaka choyamba. Makorali otchedwa ma zoanthid ndi okongola komanso opirira, koma ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi powagwira, musakhudze m'maso, ndipo mwala umene anamerapo musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake yagonekapo anthu m'chipatala m'mayiko ena.

Pa nkhani ya mapepala, makorali onse olimba ali pa Appendix II ya pangano la CITES, loyendetsa malonda a zamoyo zakutchire pakati pa mayiko, limene Malawi ndi membala wake, ndiye kuwolotsa nawo malire kumafuna chilolezo cha dziko lomwe akuchokera. Kachidutswa kothyoledwa pagombe la ku Mozambique n'kubisidwa m'chikwama kangakuikeni m'mavuto pa chipata cha Mwanza kapena Muloza. Funsani ku Dipatimenti ya Usodzi ndi ku Dipatimenti ya Malo Osungirako Nyama Zakutchire musanaitanitse chamoyo chilichonse, ndipo konzani kuti bokosi likangotsika pa bwalo la ndege la ku Chileka pakhale galimoto yolibweretsa ku Zomba tsiku lomwelo, osalitsegula m'njira komanso osaliika padzuwa.