Buku la malangizo a kompyuta limafuna fayilo yachitsanzo pambali pake

Pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta, kaya ndi Debian, Ubuntu, FreeBSD kapena OpenBSD, siidziwa zofuna za mwini wake pokhapokha itauzidwa. Pa mapulogalamu amenewa, omwe onse ndi a mtundu wa Unix, kuuzako kumachitika m'mafayilo ang'onoang'ono olembedwa ndi mawu wamba, amene ambiri amakhala mu foda ya /etc, ndipo ife apantchito timawatcha ma config. M'menemo ndi mmene mumalembedwa kuti ndani aloledwe kulowa, adiresi ya makinawo pa netiweki ikhale yotani, ndiponso makomo ati atsekedwe. Funso limene limavutitsa aliyense woyamba kumene ntchitoyi ndi lakuti fayilo yotere imalembedwa bwanji, ndipo ine ndimaona kuti buku la malangizo palokha siliyankha funso limeneli mokwanira, ngakhale litakhala lolembedwa bwino chotani.

Mabukuwo alipo, ndipo ndi akale. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs anatulutsa buku loyamba la malangizo a Unix mu 1971, ndipo mpaka lero masamba ake, otchedwa man, amabwera limodzi ndi pulogalamuyo. Gawo 5 la masambawa ndi lofotokoza mafayilo. Mukatayipa man 5 sshd_config, mudzaona malangizo a sshd, pulogalamu imene imalola munthu amene ali kutali kulowa mu seva, kompyuta yotumikira makina ena. Chilichonse chimene mungasinthe chafotokozedwa molondola, koma chandandalikidwa motsata alifabeti, kuyambira AcceptEnv, AddressFamily mpaka kumapeto. Munthu wodziwa kale ntchito amapita pomwe akufuna n'kupeza yankho. Wophunzira amawerenga masamba onsewo n'kutha osadziwa kuti pa zinthu zambirimbirizo, zimene ayenera kukhudza lero ndi zitatu kapena zinayi zokha. Zili ngati kupatsa mwana wophunzira utelala miyezo yonse ya jekete popanda kumuonetsa jekete losokedwa kale.

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa kuno ku Harare, ambiri a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, kunyumba amayankhula Chichewa ndi agogo awo, pamsewu Chishona, ndipo malangizo onsewa amawapeza m'Chingerezi chaumisiri chimene nthawi zina chimavuta ngakhale eni chilankhulocho. Ntchito zimene amapeza ndi za m'maofesi ang'onoang'ono, m'masukulu ndi m'mipingo, kumene munthu mmodzi ndiye amasamala makina onse ndipo palibe wamkulu womufunsa. Kwa munthu wotere fayilo yachitsanzo imachita zimene ndime khumi sizingachite. Taonani mzere uwu wa m'chitsanzo chimene chimabwera ndi dnsmasq, pulogalamu yogawa maadiresi kwa makompyuta a mu ofesi: dhcp-range=192.168.0.50,192.168.0.150,12h. Mukauyang'ana, mukuona adiresi yoyambira, adiresi yomalizira, ndi nthawi imene kompyuta isunge adiresiyo, maola 12. Mukuonanso kuti pakati pa zinthuzo pali chizindikiro cha koma (,), kuti palibe mipata, ndiponso kuti chilembo cha h chimamatira ku nambala. Wophunzira amene wakhala akulimbana ndi ndime yofotokoza zomwezi, akaona mzerewu amangoti, "Ooh, basi ndi zimenezi?" ndipo pambuyo pake ndimeyo imayamba kumveka.

Chachikulu kwambiri chimene chitsanzo chimaphunzitsa ndi dongosolo la mizere, pakuti mapulogalamu sagwirizana pa nkhani imeneyi. Mu sshd_config, chinthu chimodzi chikalembedwa kawiri, pulogalamuyo imatenga choyambacho n'kusiya chachiwiri. Pa Debian ndi Ubuntu za masiku ano, pamwamba penipeni pa fayiloyo pali mzere wa Include umene umakoka mafayilo ena a mu sshd_config.d, kotero munthu angathe kusintha mzere wa m'munsi, n'kuyambitsanso pulogalamuyo, n'kudabwa kuti palibe chasintha, chifukwa fayilo ina inayankha kale funsolo. Pa pf, mpanda woteteza netiweki wa OpenBSD, zinthu zili mosemphana: lamulo lomaliza logwirizana ndi uthengawo ndilo limapambana, pokhapokha lina lapamwamba litakhala ndi mawu akuti quick. N'chifukwa chake mafayilo ambiri a pf amayamba ndi kutseka zonse, kenaka n'kumatsegula makomo limodzilimodzi m'munsimo. Zonsezi zinalembedwa m'buku, koma ndi chiganizo chimodzi pakati pa mazana ambiri, chosavuta kuchidumpha, pamene m'chitsanzo chathunthu dongosololo limaonekera m'maimidwe a fayilo yonse. N'chimodzimodzinso ndi netplan, pulogalamu yokonzera netiweki pa Ubuntu, imene mafayilo ake amalembedwa m'kalembedwe ka YAML: kulowa mkati kwa mzere uliwonse kuli ndi tanthauzo, ndipo kumachitidwa ndi mipata, osati batani la Tab. Kulakwitsa pamenepo kungasiye seva yopanda netiweki.

Olemba mapulogalamuwa anazindikira zimenezi, ndipo aliyense ali ndi malo ake osungira zitsanzo. OpenBSD, kuyambira pa 5.6 ya mu 2014, imaziika mu /etc/examples, zomwe ine ndimaona kuti ndi nzeru yabwino koposa, chifukwa fayilo imene ikugwira ntchito ndi fayilo yongoonera zimakhala zosiyana malo koma zoyandikana. Debian ndi Ubuntu zimaziika mu /usr/share/doc, pansi pa dzina la pulogalamuyo, mu foda ya examples. FreeBSD ili ndi /usr/share/examples.

Kukhala kwa zitsanzozi m'makina momwemo n'kofunika kwa ife kuposa mmene anthu a kumaiko a intaneti yotchipa angaganizire. Nthawi imene mukukonza netiweki ndiyo nthawi imene mulibe intaneti, ndipo magetsi akathima m'dera lonse, nthawi zina ndi ya pafoni yomwe imayamba kudukaduka. Komanso chitsanzo cha m'makina chinalembedwera pulogalamu yomwe muli nayoyo, osati ya zaka khumi zapitazo. OpenSSH, imene sshd ndi gawo lake, isanafike pa 7.0 mu 2015, mzere wa PermitRootLogin unkalola mwini mphamvu zonse pa makinawo kulowa ndi mawu achinsinsi okha, koma kuyambira pamenepo unasinthidwa kukhala prohibit-password, kutanthauza kuti sangalowenso ndi mawu achinsinsi. Wokopera fayilo yakale kwina angatsegulenso khomo limene olemba pulogalamuyo analitseka dala.

Apa mpamene pali ngozi, pakuti chitsanzo sichidziwa ofesi yanu. Maadiresi oyamba ndi 192.0.2, 198.51.100 kapena 203.0.113 anapatulidwa kuti azigwiritsidwa ntchito m'zolemba zokha, monganso dzina la example.com, ndipo mukawasiya m'fayilo yanu uthenga sufika kulikonse. PHP, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa intaneti, imabwera ndi zitsanzo ziwiri, php.ini-development ndi php.ini-production. Choyambacho chimaonetsa zolakwika zonse poyera kuti wolemba pulogalamu aziona, pamene chachiwiricho chimazibisa. Ndinaitanidwapo ku sukulu ina kumene munthu anakopera choyambacho pa seva yolipirira fizi, moti kholo lililonse limene lakumana ndi vuto linkaona maina a mafoda a mkati mwa sevayo, zinthu zimene wakuba amazifuna. M'fayilo yomweyo mzere wa nthawi unali usanakhudzidwe, ndipo malisiti ankatsalira ndi maola awiri mpaka titalembapo Africa/Harare.

Choncho kagwiridwe kamene ndimaphunzitsa nkakuti chitsanzo chikupatseni mafunso, buku likupatseni mayankho. Koperani chitsanzocho pamalo ogwirira ntchito, choyambiriracho muchisiye chosakhudza. Mzere uliwonse umene mukufuna kuudzutsa pochotsa chizindikiro cha # chimene chimachititsa kuti kompyuta iudumphe, muyambe mwaufufuza m'masamba a man mpaka mutatha kuufotokozera mnzanu m'chilankhulo chanu. Umene simunaumvetse, usiyeni mmene ulili. Musanayambitsenso pulogalamuyo, iuzeni iyese fayiloyo: sshd -t pa sshd, nginx -t pa nginx, pulogalamu yoonetsa masamba a pa intaneti, kapena pfctl -nf /etc/pf.conf pa pf. Ngati mukusintha sshd muli kutali ndi makinawo, siyani zenera limodzi lili lolowa mpaka mutatsimikiza kuti lachiwiri likulowanso, apo ayi mudzakwera kombi kupita kukatsegula ofesi usiku.

Fayilo imene mwamaliza ndiyo idzakhale chitsanzo cha amene adzalowe m'malo mwanu, amene mwina sadzakuonani n'komwe. Pamwamba pa mzere uliwonse umene mwasintha lembanipo tsiku ndi chifukwa chake. M'mafayilo ambiri otere kompyuta siiwerenga mzere umene wayamba ndi #, kotero mungalembe m'Chichewa kapena m'Chishona, monga kuti khomo ili latsegulidwira makina osindikizira a ku ofesi ya akaunti, ndipo litsekedwe makinawo akadzachotsedwa.