Kusadziwa za Chiletso Sikupulumutsa Dalaivala ku England

Abale athu ena okhala ku England amakhulupirirabe kuti munthu amene khoti lamuletsa kuyendetsa galimoto angapulumuke pouza woweruza kuti kalata ya chiletsocho sinamupeze. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ndi oopsa chifukwa mlanduwu umatha kufikitsa munthu kundende. Malinga ndi gawo 103 la lamulo la zapamsewu lotchedwa Road Traffic Act 1988, oimira boma amangofunika kutsimikizira kuti chiletso chinalipo, kuti woletsedwayo ndi yemweyo, ndiponso kuti anagwiradi chiwongolero pamsewu. Ngakhale laisensi ya kumudzi imene ili m'thumba siimuthandiza.

Mpata wodzitetezera ulipo koma ndi wochepa. Mu 1988, pa mlandu wa Martin, khoti la apilo linagamula kuti bambo amene anayendetsa galimoto ali woletsedwa mkazi wake ataopseza kuti adzipha anayenera kuloledwa kudziteteza ponena kuti anakakamizika pofuna kupulumutsa moyo.