Dzina la amene anatenga magazi lili pati?

Pepala la kafukufuku likatuluka, ife ochita kafukufuku timayamba taona mayina ali pamwamba. Loyamba kawirikawiri limakhala la amene wakhetsa thukuta kwambiri, lomaliza la mkulu woyang'anira. Kukwezedwa pantchito ndi thandizo la ndalama za kafukufuku wina zimadalira mayinawa.

Ndiye taganizani za namwino amene walawirira kumudzi kukatenga magazi, ndi katswiri wa mu labu amene wachezera kulemba manambala pa timabotolo. Pepala likasindikizidwa kunja, mayina awo osaoneka, mwina angothokozedwa kumapeto m'tizilembo ting'onoting'ono. Zimandiwawa kwambiri.

Ukafunsa, amati iwowo sanalembe nawo. Zoona, malamulo a bungwe la akonzi a magazini a zachipatala, ICMJE, amati wotchulidwa dzina akhale kuti wagwira gawo lalikulu la ntchito, walemba nawo kapena kuunika zolembazo, wazivomereza, ndipo ndi wokonzeka kuyankhapo. Koma malamulo omwewo amati amene wagwira gawo lalikulu apatsidwe mpata wolemba nawo. Munthu sunamuitane, alemba bwanji? Ine ndisanatenge dontho loyamba la magazi, timakhala pansi n'kugwirizana za mayina.

Kugawana zimene tapeza nako kumayenda pokhapokha wopereka akulemekezedwa. Mu 2007 dziko la Indonesia linaleka kutumiza kunja tizilombo ta chimfine cha mbalame cha H5N1, podandaula kuti makampani akupangira katemera amene anthu ake sangakwanitse kugula. Mu 2008 kunakhazikitsidwa GISAID, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo zimene asayansi apeza za tizilombo toyambitsa matenda, yomwe lamulo lake ndi lakuti wogwiritsa ntchito zosungidwamo atchule labu imene zachokera ndipo ayesetse kugwira ntchito limodzi ndi eni ake.

M'nkhokwe yomweyi ndi momwe Dr Sikhulile Moyo ndi anzake ku Gaborone m'dziko la Botswana, komanso asayansi a ku South Africa, anaika zimene anapeza za Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19, mu November 2021. Sanabise kanthu. Pasanathe sabata, America inatsekera khomo apaulendo ochokera m'maiko 8, kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo Britain inaikanso Malawi ndi Zambia pamndandanda wake wofiira, wa maiko amene apaulendo ake ankaikiridwa ziletso. Patangopita masiku ochepa, akatswiri a ku Netherlands anapeza kuti kachilomboka kanali kale kwawo, mwa anthu amene anayezedwa pa 19 ndi 23 November, dziko la South Africa lisanadziwitse bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pa 24 November.