Kudzimana madzi sikuletsa thukuta la m'manja ndi m'khwapa

Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo kuno ku Kasungu, mphekesera ija imayambiranso: akuti wotuluka thukuta kwambiri m'manja ndi m'khwapa achepetse kumwa madzi. Bodza limenelo. Vuto lili pa mitsempha yomwe imalamula khungu kutulutsa thukuta mopyola muyeso, ngakhale munthu ali phee pamthunzi. Mukadzimana madzi mungodzipalira mutu ndi chizungulire, cholembera n'kumatererabe m'manja.

Ena amapaka ndimu, koma imangowawula khungu.

Chothandiza ndi mankhwala opaka okhala ndi aluminium chloride, kafunseni ku famase. Perefyumu amangobisa fungo basi. Pakani usiku pogona, khungu litauma gwa, chifukwa pakakhala chinyezi mankhwalawa amawotcha ndi kuyabwa. Kukacha mutsuke. Teroni usiku uliwonse kwa sabata imodzi kapena awiri, thukuta likachepa muzipaka kamodzi kapena kawiri pa sabata. Ngati mwameta m'khwapa, dikirani maola 24 musanapake.

Koma thukuta la thupi lonse usiku, lonyowetsa zofunda, limodzi ndi kuwonda kapena chifuwa chopitirira masabata awiri, imeneyo ndi nkhani ina. Pitani kuchipatala akakuyezeni TB.