Penti wofiira pa madandaulo a munthu wina

Chakumapeto kwa chaka cha 2014, anthu a mumzinda wa Quito, likulu la dziko la Ecuador, anadzuka n'kupeza khoma lina litachongedwa ngati kope la mwana wasukulu. Pakhomapo panali kale madandaulo a munthu wosweka mtima pa zachikondi, olembedwa ndi penti wopopera, mothamanga, monga amalembera munthu woopa kupezeredwa. Usiku kunabwera anthu ena. Sanafufute kanthu. Anangoika mipatuliro ndi mifunsiro pamene inkasowa, ndi timizere tija timakhala pamwamba pa zilembo zina m'Chisipanishi, zonse ndi penti wofiira.

Gululo linadzitcha Acción Ortográfica Quito. Nkhope sankaonetsa, ndipo mayina awo anali a zizindikiro za m'kalembedwe: wina Diéresis, wina Tilde. Dzina la gululo limakumbutsa Acción Poética, kagulu kamene kanayamba ku Monterrey m'dziko la Mexico mu 1996, kolemba timizere ta ndakatulo ndi zilembo zakuda pamakoma oyera. Awo ankalemba, awa ankabwera m'mbuyo atatenga cholembera cha aphunzitsi. Tisawaseke msanga, chifukwa m'Chisipanishi kamzere kamodzi kamasintha nkhani. "Por qué" ndi funso, chifukwa chiyani. "Porque" ndi yankho, chifukwa chakuti. Wosiyidwa ndi chibwenzi akalemba mosasamala, funso lake limasanduka yankho.

Koma mkangano wa wolemba pakhoma ndi womudzudzula sunayambire ku Quito.

M'chaka cha 79, phiri la Vesuvius linaphulika n'kukwirira mzinda wa Pompeii, ku Italy, ndi phulusa. Phulusalo linapha anthu, koma linasunga makoma, ndipo pamakomawo akatswiri awerengapo zolemba zoposa 10,000. Zambiri n'zokanda pa pulasitala ndi kachitsulo kosongoka, ndipo liwu loti graffiti, lotchulira zolemba za pamakoma, lomwe ndi la Chitaliyana, limachokera ku kukandako. Muli malonje, matukwano, mitengo ya zinthu, mayina a zibwenzi, ngakhale ana oyeserera kulemba afabeti pamunsi pa khoma, pamene msinkhu wawo unkafika. Panalinso wina amene zonsezi zinamutopetsa, nalemba kandakatulo kouza khoma kuti akudabwa kuti silinagwe, pamene lasenza zotopetsa za alembi ochuluka chonchi. Anakalemba kuti? Pakhoma pomwepo. Mawuwo amapezeka m'malo angapo mumzindawo, kusonyeza kuti odandaulawo analipo ambiri, aliyense akuwonjezera katundu pa khoma lomwe akulimvera chisoni. Anyani anasekana zikundu kalekale.

Anthu a ku Pompeii ankalakwitsa kalembedwe ka Chilatini m'njira zobwerezabwereza. Ankasiya m kumapeto kwa mawu, ankasiya h koyambirira, ankalemba e pamene mabuku ankafuna ae. Ankalemba monga ankayankhulira, ndipo m'kamwa mwawo zilembozo zinali zitayamba kale kufa. Mu 1937 katswiri wa ku Finland, Veikko Väänänen, anasanthula zolakwitsa zimenezi kuti aone Chilatini cha mumsewu, chimene olemba mabuku sankachilola papepala. Akanakhala kuti aliyense mumzindamo ankalemba bwino, makomawo akanangobwereza zomwe zili kale m'mabuku.

Patapita zaka mazana angapo, mphunzitsi wina wa Chilatini naye anatisiyira umboni, mosafuna. Pali mndandanda wina wakale, wotchedwa Appendix Probi, wa mawu 227, uliwonse wolembedwa motere: lemba chakuti, osati chakuti. Auris, osati oricla. Vetulus, osati veclus. Speculum, osati speclum. Kumeneko n'kunena khutu, wokalamba, ndi kalilole. Mwiniwake ankafuna kuti mawu a kumanjawo atheretu. Lero Mtaliyana amati orecchio, vecchio, specchio, ndipo wa Chisipanishi amati oreja, viejo, espejo. Onsewa ndi ana a mawu oletsedwa aja. Ndiye taganizani: Chisipanishi chimene a ku Quito ankachiteteza ndi penti wofiira n'chimene mphunzitsi uja ankachichonga kuti n'cholakwika. Wa ku Quito akapeza oreja pakhoma sangaligwire, n'lolondola. Linangofunika zaka mazanamazana kuti likhululukidwe.

Pali vuto linanso limene wochonga makoma amakumana nalo: si zonse zooneka zolakwika zimene zili zangozi. Ku Spain, anthu olowa m'nyumba zosiyidwa n'kumakhalamo popanda chilolezo amadzitcha okupa, ndi k, pamene malamulo a kalembedwe amafuna c. Chilembo chimenecho ndiye uthenga wake, kukana lamulo la nyumba ndi lamulo la sukulu pamodzi. Ukachikonza, wasonyeza kuti sunamve.

Kwa olankhula Chingerezi, nkhondo yambiri ili pa nkhodolero, kachizindikiro kaja timaika mu ng'ombe ndi m'nyumba. Iwo amakagwiritsa ntchito posonyeza chilembo chosiyidwa komanso umwini wa chinthu, koma eni masitolo ambiri amakaponya paliponse pamene aona s kumapeto kwa liwu. Mu 2001 mtolankhani wopuma pantchito, John Richards wa ku Boston ku England, anayambitsa bungwe la Apostrophe Protection Society loteteza kachizindikiroka. Anatula pansi ntchitoyo mu 2019 ali ndi zaka 96, akunena kuti umbuli ndi ulesi zapambana. Iyeyo ankangolemba makalata aulemu. Ena sanapirire choncho. Mu 2014 khonsolo ya Cambridge itayamba kusiya nkhodolero pa mayina a misewu, anthu anapita ndi zolembera kukazibwezeretsa okha, mpaka khonsoloyo inasintha maganizo. Mu 2017 wailesi ya BBC inaonetsa bambo wina wa ku Bristol, wobisa nkhope, amene kwa zaka zoposa khumi ankayenda usiku ndi ndodo yaitali yodzipangira yekha, kumamata timapepala pa zikwangwani za masitolo kuti aphimbe nkhodolero zosochera kapena kuika zosowa. Atafunsidwa ngati umenewo si mlandu, anayankha kuti mlandu waukulu ndi nkhodolero zolakwikazo.

Apa zinthu zatembenuka. Ku Quito ankachonga zolemba za munthu amene analemba mozemba pakhoma la eni, ndipo ine ndimawakonda chifukwa ankadziwa kuti nkhaniyo ili ndi nthabwala mkati: kuphwanya lamulo la mzinda pofuna kusunga lamulo la galamala. Ku Bristol chikwangwani chinali ndi mwini wake, chinalipiridwa, ndipo woyenda usiku ndi zomata ndiye anali wolemba pakhoma weniweni, kungoti wodziwa galamala.

Amene zinawavuta kwambiri ndi anyamata awiri a ku America, Jeff Deck ndi Benjamin Herson. Mu 2008 anayenda pagalimoto m'madera ambiri a dzikolo, kusaka zolakwika pa zikwangwani, pansi pa dzina loti Typo Eradication Advancement League. Malo ena ankapempha kaye, ndipo eni ake ena ankavomera, ena ankawathamangitsa. Atafika ku paki ya boma ya Grand Canyon, analowa mu nsanja ya Desert View Watchtower, yomangidwa mu 1932 motsatira pulani ya mayi Mary Colter. M'katimo munali chikwangwani chakale cholembedwa pamanja. Anaona nkhodolero itaikidwa pambuyo pa s m'malo mwa patsogolo pake, ndipo mpatuliro umodzi ukusowa. Sanafunse munthu. Anatulutsa mankhwala oyera ofufutira zolemba ndi cholembera chosafufutika, n'kukonza.

Chikwangwanicho chinali m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa ndi boma. Ofufuza sanavutike kuwapeza, poti anyamatawo anali atafotokoza okha pa intaneti zonse zimene anachita. Khoti linawalamula kulipira madola 3,035 okonzera chikwangwanicho, ndi kuwaletsa kuponda m'mapaki a boma kwa chaka chathunthu.

Pa chikwangwani chomwecho panalinso liwu lina, "emense", pamene panayenera kulembedwa "immense", kutanthauza chachikulu zedi. Cholakwika chimenecho chinali choonekeratu kuposa nkhodolero ija. Deck anachiona, chinamuwawa mumtima, koma anaopa kuti akachigwira aipitsa chikwangwanicho, ndipo anachisiya mmene analembera mwini wake.