Maodita a khonsolo: amawasankha ndani, amakambirana chiyani?

Anthu ambiri akamva kuti maodita afika ku khonsolo amaganiza kuti khonsoloyo yadzipezera yokha oti aione mabuku. Malamulo athu satero. Ndime 184 ya malamulo aakulu a dziko lino inakhazikitsa udindo wa Auditor General, mkulu wounika mabuku a ndalama za boma, ndipo malamulo a maboma aang'ono a 1998 ndi Public Audit Act ya 2003 amaika m'manja mwake mabuku a makhonsolo onse, kuphatikizapo awiri a kuno ku Lilongwe, ya mzinda ndi ya boma. Kampani yomwe si yaboma imabwera ofesiyo ikachepa manja, kapena pamene opereka thandizo afuna kuti ndalama za pulojekiti yawo ziwerengedwe padera. Mukukumbukira kuti Cashgate itaphulika mu 2013 kunabwera Baker Tilly ya ku Britain? Sinaitanidwe ndi maunduna omwe ankafufuzidwawo. Mbuzi siisankha woilondera m'munda.

Kasankhidwe ka kampani yotereyi ndi ka tenda, motsatira malamulo ogulira zinthu za boma omwe bungwe la PPDA limayang'anira. Kampani iyenera kukhala yovomerezeka ndi Malawi Accountants Board, ndipo wosaina lipoti akhale membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, wokhala ndi chiphaso chogwirira ntchitoyi. Nthawi zambiri pamakhala maenvulopu awiri. Yoyamba imanena za luso: abwera ndani, anagwirapo kuti, ntchito aiyendetsa bwanji. Yachiwiri, ya mtengo, imatsegulidwa kwa okhawo omwe akhoza poyamba.

Ine mtengo wotsikitsitsa ndimauopa. Ntchito ya odita ndi masiku. Kampani ikatchula ndalama zochepa kwambiri, dziwani kuti yadula masikuwo. Atumiza anyamata awiri ongochoka kumene ku koleji, akhala mu ofesi ya zachuma sabata imodzi akutembenuza mavocha omwe awasankhira kale, basi. Ku msika wa Tsoka kapena ku Mitundu sapondako kuti akaone ngati mabuku a matikiti omwe atha akufanana ndi ndalama zomwe zalowa ku banki. Mlatho womangidwa ndi ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) auona papepala pokha, pomwe pamtsinje pali milu iwiri ya miyala.

N'chifukwa chake pokambirana, nkhani yaikulu si kutsitsa mtengo ayi, koma kukula kwa ntchito. Zilembedwe bwinobwino: misika ingati, masukulu ndi zipatala zingati, msonkho wa nyumba ndi malo auunika bwanji, mapulojekiti ati akawaone ndi maso. Maina a akatswiri omwe anawalemba mu tenda akhale omwewo obwera, osati kusintha kontrakiti ikangosainidwa. Masiku nawonso amangidwe mbali zonse. Chaka cha boma tsopano chimatha pa 31 Malichi, ndipo khonsolo ikachedwa kutseka mabuku, kampani imafuna ndalama zoonjezera. Apa sindiidzudzula, yadikira ndi antchito ake ali pamalipiro.

Pali kanthu kena komwe anthu amakachepetsa: galimoto, mafuta ndi alawansi. Zonsezi zikhale mumtengo wa kontrakiti. Odita amene akudikira galimoto ya khonsolo amapita komwe dalaivala wauzidwa, pa tsiku lomwe eni ake akonzeka.

Chomwe sichilowa pa tebulo la zokambirana ndi chigamulo. Maodita akamaliza amapereka zomwe apeza kwa akuluakulu a khonsolo kuti ayankhepo, ndipo izi n'zoyenera, chifukwa lisiti likhoza kusokonekera mufayilo ina. Koma malisiti makumi awiri akatulukira m'mawa mwake, onse olembedwa ndi bolopeni imodzi, dzanja limodzi, odita weniweni amawalemba ngati vuto linanso. Komanso kampani yomwe inathandiza khonsolo kukonza mabukuwo singabwerenso kudzawaunika.

Makhansala ambiri amangofunsa ngati lipoti latuluka loyera kapena ayi. Pamakhalanso kalata ina yopita kwa akuluakulu a khonsolo, yondandalika zofooka chimodzichimodzi, yankho lawo, ndi tsiku lomwe alonjeza kukonza. Khansala wa mu komiti ya zachuma aiitanitse kalatayo, pamodzi ndi ya chaka chathacho, aziike pambalimbali n'kuwerenga kuti ndi mfundo zingati zomwe zabweranso momwe zinalili.