Nefesh: moyo umene umayambira kukhosi

Ophunzira Baibulo a chaka choyamba ndikawafunsa kuti mawu a Chiheberi oti nefesh amatanthauza chiyani, ambiri amathamangira foni. Amapeza nambala H5315 ya m'buku la James Strong la 1890 londandalika mawu a m'Baibulo ndi matanthauzo ake, n'kuyankha mosakayika kuti ndi mzimu umene umachoka munthu akamwalira. Ndimawauza kuti ayambe aika foni pansi, titsegule Salimo 69.

Wolemba salimoli akulira kuti madzi afika pa nefesh yake. Taganizirani munthu amene akuwoloka mtsinje wodzaza: madzi apitirira m'chiuno, apitirira pachifuwa, tsopano ali m'khosi, iye wangotukula chibwano kuti apume. Pamene pafika madzipo ndiye pa nefesh. Pa Yesaya 5:14 manda akukuza nefesh yake, kukamwa kuli yasa. Manda sangakhale ndi mzimu, koma mmero womezera anthu ali nawo. Miyambo 25:25 ikufanizira uthenga wabwino wochokera kutali ndi madzi ozizira pa nefesh yotopa. M'Chiakadi, chinenero chakale cha ku Mesopotamiya chomwe ndi chibale cha Chiheberi, napishtu amatanthauzanso khosi ndi moyo womwe.

Apa ife tili ndi mwayi umene owerenga Chingerezi alibe. Munthu akakhutira timati kukhosi kwake kwayera. Akasunga nkhani yomuwawa timati ali nazo kukhosi, ndipo pabwalo timamupempha anene zakukhosi. Aheberi nawo ankaona kuti mpweya, chakudya, ludzu ndi kulira zimadutsa pamalo amodzi, choncho mawu a malowo anafika potanthauza chilakolako, moyo, mpaka munthu yense.

N'chifukwa chake Genesis 2:7 sanena kuti Mulungu anaika nefesh mwa Adamu. Akuti anamuuzira mpweya m'mphuno, iye n'kukhala nefesh hayya, chamoyo. Mawu awiri omwewo ali pa Genesis 1:24, pamene akunena za ziweto ndi zokwawa. Izi zimawakhumudwitsa ena m'kalasi, koma ndi mmene zinalembedwera. Numeri 6:6 ndiye amaposa pamenepo: mtembo akuutcha nefesh yakufa.

Chisokonezo chinakula pamene Ayuda a ku Alexandria anamasulira Malemba m'Chigiriki, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Anasankha mawu oti psyche, amene otsatira Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Girisi, ankawamva ngati chinthu chosafa chotsekeredwa m'thupi. Buku Lopatulika la 1922 kawirikawiri limati "moyo", ndipo ine ndimaona kuti pamenepa omasulirawo anachita bwino.

Koma samalani, abusa ndi alaliki. Nefesh imapezeka koposa ka 750 m'Chipangano Chakale, ndipo si paliponse pamene ikunena khosi. Pa Genesis 46:27 akungowerenga anthu a banja la Yakobo ku Igupto, nefesh 70, basi. Palibe chinsinsi chozama choti mufukule pamenepo. Mawu amamveka ndi anzake oyandikana nawo, osati ndi mzere wa matanthauzo umene uli pafoni.

Tikafika pa Salimo 42, ndimapempha wophunzira mmodzi awerenge mokweza, ataganizira nswala ya mu Okutobala imene yapeza dambo litauma gwa, lilime lili panja. Nefesh yanga ili ndi ludzu la Mulungu, akutero wolembayo. Chaka china mnyamata wina atawerenga anameza malovu, kalasi yonse n'kuseka, iye osadziwa chimene akumusekera.